Masamba pa Msewu wa ku Dunbar

Tadala, ika foniyo pansi, siithawa. Mayamiko, sendera kuno, usiye kutsegulatsegula filiji ngati muli munthu akukuitana. Amayi anu achedwa ku ntchito lero, ndiye tili ndi mpata. Mwandivutitsa sabata yonse kuti ndikuuzeni za ulendo wathu wa panjinga, ndipo chithunzi chija cha ine agogo anu nditavala kabudula wothina mwachiseka mokwanira. Lero ndikuuzani, koma ndikuuzani ndi zimene sizili pa chithunzi. Ine ndilankhula Chichewa, inu muziyankha m'chizungu chanu cha ku Shawlands kuno. Pamene simukumva mukweze dzanja ngati kusukulu.

Ndiyambe ndi kuulula bodza. Kuyambira muli makanda ndakhala ndikukuuzani kuti sindikwera njinga chifukwa cha bondo. Amayi anunso anakula akumva zomwezo. Bondo langa lilibe mlandu. Njinga ndinaisiya ndili mnyamata, ndipo zinadutsa zaka zoposa makumi asanu ndisanaikenso phazi pa pedulo. Chimene chinandisiyitsa ndinachibisira ana anga onse zaka zonsezo, ndipo pa ulendo uwu chinatsala pang'ono kundilepheretsa kufika.

Inu njinga mumaidziwa ngati choseweretsa cha ku paki. Kwathu ku Ntcheu, kumapiri a ku Tsangano, njinga inali ngolo, inali lole, inalinso ambulansi. Yanga inali yakuda, yolemera ngati chitseko cha tchalitchi, mabuleki a zitsulo, giya imodzi basi. Kaliyala yake ndinaikulitsa ndi matabwa kuti izinyamula matumba a kachewere. Inde, Mayamiko, mbatata yomweyi imene iwe umaidziwa itasanduka tchipisi. Ndinkatsika nayo kukagulitsa ku Balaka, ulendo wa masiku atatu kupita ndi kubwera. Katundu tinkamanga ndi malegeni odula ku chubu chakale, ndipo kumanga kokhako inali ntchito yotuluka nayo thukuta. Ukalakwitsa pang'ono, thumba limapendekera pa chitsikiro n'kukugwetsera m'chigwembe. Chubu chikabowoka kutchire tilibe sulushoni, tinkamanga pobowokapo ndi ulusi. Chikakanika, tinkadzaza udzu m'tayala n'kumapita, mano akugundana.

Ndinali katswiri, ana inu, ndipo ndinkadziwa kuti ndine katswiri. Matenda ake anali amenewo.

A Dougie mukuwadziwa, aja a ndevu zoyera amene amakupatsani masiwiti kutchalitchi ku Springburn. Bambo awo ankapanga nawo masitima mafakitale asanatsekedwe, ndipo iwonso manja awo sakhala chete. Lachiwiri lililonse amakonza njinga zakale mu holo ya tchalitchi n'kumapatsa anthu ongofika kumene m'dziko muno. Ine chimwalirireni agogo anu aakazi ndinkapita kumeneko kukamwa tiyi, kuthawa zii wa m'nyumba. Ndinkakhala chofulatira njingazo. Tsiku lina ndinacheuka, ndipo ndinaona a Dougie akulimbana ndi gudumu lopindika, akumanga sipoko ya mbali yolakwika. Ndinapirira. Ndinamwa tiyi wanga. Atamanganso ina yolakwika, ndinangozindikira kasipanala kali m'manja mwanga.

Gudumu litayamba kuzungulira mowongoka, iwo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, m'chizungu chawo chija chomeza mawu, "Bizwick, nkhalamba yachinyengo iwe. Chaka chonse wakhala ukundionerera ndikuvutika?"

Nkhani inafika kwa a Nkhoma, mkulu wa mpingo wathu, uja wa ku Kasungu amene amagwira ntchito ya makompyuta. A Nkhoma akamva chinthu sachisiya. Anati, "Madala, a Dougie akhala akulakalaka kudutsa dziko lino panjinga, kuchoka nyanja iyi kukafika inayo, koma akusowa anzawo. Inu adokotala anakuuzani kuti shuga wanu akufuna thukuta. Tiyeni atatu." Ndinafuna kukana. Koma kuti ndikane bwino ndinayenera kunena chifukwa chenicheni, ndipo ndinaona kuti kupalasa masiku anayi n'kopepuka kuposa kunena. Ndinavomera chifukwa cha mantha, osati kulimba mtima. Miyezi itatu ndinkayeserera m'mamawa ku paki ya ku Springburn, agalu okha ndiwo mboni. Thupi silinaiwale kanthu. Zimenezi zinandikwiyitsa pang'ono.

Tinakwera sitima mpaka ku Helensburgh. Kumeneko a Dougie anatiphunzitsa mwambo wa anthu a ulendo wotere: gudumu lakumbuyo ulinyowetse m'nyanja ya kumadzulo, lakutsogolo ukalinyowetse m'nyanja ya kum'mawa, ku Dunbar. A Nkhoma pofuna kuoneka bwino pa chithunzi ananyowetsa ndi nsapato zomwe, ndipo anayenda tsiku lonse mapazi akulira chofochofo. Njinga yawo inali yoti mungainyamule ndi chala, magiya osawerengeka, ndi kafoni pa handulo kamene kankatiuza pokhota ndi mawu a mayi wosapsa mtima. Kamba wawo anali phala la m'timapaketi, lokoma ngati mankhwala a chifuwa. Ine ndinatenga mbatata yowiritsa ndi mtedza wokazinga, ndipo anandiseka kuti ndabwera ndi grosale. Pofika tsiku lachiwiri onse awiri ankayendera pafupi ndi chikwama changa ngati anapiye.

Phiri loyamba, tisanafike ku Balloch, ndinatsika n'kumakankha. A Nkhoma anachita manyazi m'malo mwanga. Ndinawauza kuti kwathu wokankha njinga pa chikweza sasekedwa, amene amasekedwa ndi wofika pamwamba alibe mpweya wopatsira moni. Pamwamba ndinawapeza atagona chagada pa udzu, tizilombo toluma tija ta kuno tikuwadya. Ndinawapatsa moni. Sanayankhe.

Tsiku lachiwiri tinatsata ngalande ya maboti, njira yosalala ngati tebulo, mvula ikuwaza osaleka. Pamenepo chimene chinkalira si miyendo, koma pokhalira. Musaseke, Tadala, tsiku lako likubwera. Ine ndinkadzitonthoza powerenga mokweza chikwangwani chilichonse. Kirkintilloch. Kilsyth. Falkirk. A Dougie ankati ndikuwapha ndi katchulidwe kanga, koma sindinasiye. Inu simungamvetse kukoma kwa chikwangwani, chifukwa munayamba kuwerenga mano a mkaka asanaguluke. Ine a, e, i, o, u ndinaphunzira ndili ndi ndevu, pa sukulu ya kwacha, ndikugwira ntchito yokankha odwala pa chipatala china cha mishoni. Kunyumba amene ankandikonza anali namwino wina wamfupi, wolusa, amene anandiuza kuti sangakwatiwe ndi munthu wosainira ndi chala. Ameneyo ndiye agogo anu aakazi. Ndi ntchito yawo imene inatibweretsa kuno, ine ndikutsatira pambuyo ndi masutikesi, n'kudzatsuka mabasi mpaka kupuma. Iwo ankadziwa kuti panali china pakati pa ine ndi njinga. Anafunsa kamodzi, ndinasintha nkhani, ndipo sanafunsenso. Ndimalakalaka akanafunsa kawiri.

Tsiku lachitatu tinadutsa pansi pa milatho ikuluikulu ija, n'kulowa mu Edinburgh mphepo ikutikankha cham'mbali. Ndisataye nthawi pamenepo, munapitako ndi sukulu.

Tsiku lachinayi kunacha kowala, koma mphepo ija inali itathyola mitengo. Tinali pa kamsewu kopapatiza pakati pa minda, ndipo minda yake, ana inu, inali ya kachewere. Mizere yake, maluwa ake, fungo la dothi lonyowa, zonse ngati ku Tsangano. Ine ndinali patsogolo. Titakhota pena pake, ndinaona nthambi yaiwisi itagona chopingasa pa msewu, masamba ali mbwee.

Apa ndiyenera kukuphunzitsani kanthu. Kwathu pakagwa maliro, anthu amathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala pa msewu malo awiri, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya siwa. Ukafika pa masamba oyamba, wagalimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. Wapanjinga amatsika, amavula chipewa, n'kuyenda chokankha. Sakweranso mpaka atadutsa masamba achiwiri. Kaya womwalirayo umamudziwa kaya ayi, zilibe kanthu.

Ndakhala m'dziko muno zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti kuno sayala masamba. Mutu unkadziwa. Koma manja anagwira okha mabuleki, mapazi anatsika, chisoti ndinavula. Ndinadutsitsa njinga pa nthambi ija n'kuyamba kuyenda.

A Nkhoma anafika akuseka mpaka njinga kupepesuka. "Madala! Ndi mphepo iyo! Mukulira maliro a mtengo?"

Nanenso ndinaseka. Ndinati ndikwere. Mwendo unakana kukwera. Ndinayenda pang'ono, ndinayesanso, unakana. Tinadutsa munda woyamba, wachiwiri, nyumba ya mlimi, ine ndikukankhabe, chisoti chili pa handulo. A Dougie ankapalasa pang'onopang'ono pambali panga.

"Ndi bondo lija, Biz?"

"Ayi."

"Shuga? Idya kanthu."

"Ayi."

Ku Dunbar kunali kukadali kutali, ndipo ndinayamba kuona kuti ulendo wathera pamenepa. Ndinawauza kuti atsogole, ine ndikafuna basi. A Nkhoma anali atasiya kuseka. Anatsika, anavula chisoti chawo, n'kuyenda nane phewa ndi phewa. Patapita nthawi anafunsa ndi mawu apansi, monga timafunsira kwathu tikakumana ndi anthu pa masamba.

"Pepani, bambo. Watisiya ndani?"

Palibe anandifunsapo funso limenelo. Ndinayankha, ndipo zimene ndinawayankha ndi izi.

Ndinali ndi mng'ono wanga, Filimoni. Inu simunamvepo dzina limeneli, ndipo mlandu wake ndi wanga. Anali wamtali kundiposa, woimba bwino, waulesi pa khasu, wosatha kusunga mkwiyo mpaka madzulo. M'mawa wina, nthawi yokumba kachewere, anadzuka akumva m'mimba, chakumanja kuno. Amayi anatuluka n'kundipeza nditamaliza kumanga matumba. Anati, "Bizwick, masula katunduyo, umutengere mng'ono wako kuchipatala." Chipatala chinali ulendo wa theka la tsiku. Ine ndinayang'ana malegeni anga, mmene ndinawakokera bwino, ndi anzanga awiri akundidikira pa msewu. Ndinati, "Ndamanga kale, amayi. Ndidzamutenga ndikabwerako." Filimoni ali pa mphasa pakhonde anandithandiza. Anati, "Pitani, achimwene, ndi nyemba za dzulo izi. Mundigulire chipewa."

Chipewa ndinagula. Pobwerera tsiku lachitatu ndinachivala ndekha kuti ndikamuseke nacho. Nditayandikira mudzi wathu ndinaona masamba pa msewu.

Anthu akhoza kuganiza kuti sindinawaone, kapena kuti ndinayesa ndi maliro a mudzi wina. Ndinawaona, ndipo ndinadziwa nthawi yomweyo. Koma mumtima mwanga munabwera nzeru yopusa, yakuti ndikapanda kutsika, malirowo sakhala athu. Ndinaponda pedulo. Ndinadutsa pa masamba chipewa chili kumutu, ndinadutsa pakati pa azibambo atakhala m'mbali mwa njira, mpaka pakhomo pa amayi anga, pamene azimayi ankaimba.

Mlendo akachita zotero amamugwira n'kumulipiritsa. Ine palibe anandigwira. Palibe anandidzudzula, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Amayi mpaka kumwalira kwawo sanatchulepo za m'mawa uja. Ndikanakonda akanandimenya. Njinga ndinaitsamiritsa ku nkhokwe, ndipo inadyedwa ndi dzimbiri pomwepo. Mvula isanagwe ndinachoka pamudzi.

Zonsezi ndinazinena m'Chichewa, tikuyenda, a Nkhoma akumasulira a Dougie chiganizo ndi chiganizo. Nawonso a Dougie anali atatsika. Nditamaliza, ndinkadikira mawu aja amene anthu amanena, akuti sunadziwe, unali mwana. A Dougie sananene zimenezo. Iwo ndi munthu wa zitsulo, amafuna kudziwa mmene chinthu chimagwirira ntchito.

Anatembenukira kwa a Nkhoma n'kufunsa kuti, "Ndiye munthu akatsika, amakweranso liti?"

"Akadutsa masamba achiwiri."

"Nanga achiwiriwo ali kuti?"

"Palibe, a Dougie. Nthambi ija inagwa ndi mphepo, inali imodzi."

"Ndiye munthuyu ayenda wapansi mpaka ku Norway, tsidya la nyanja?"

Anakwera njinga yawo n'kutisiya. Ine ndinaganiza kuti atopa nane, ndipo sindinawaimbe mlandu. Titakhota ngodya ina tinawapeza. Anali atathyola nthambi mu mpanda wa m'mbali mwa msewu, manja ali magazi chifukwa cha minga, n'kuziyala mzere kuchoka mbali iyi kufika inayo. Anaima pambali, chisoti chili pa chifuwa, dazi likuwala. Kutsogolo kwawo kunali galimoto, mayi wina wachizungu atatulutsa mutu pa windo. Ndinamva a Dougie akumuuza kuti, "Dikirani pang'ono, mayi, pali maliro." Mayi uja anayang'ana uku ndi uku, sanaone bokosi, sanaone m'busa, anangoona nkhalamba ziwiri zakuda zikukankha njinga. Koma anazimitsa injini.

"Ndayala bwino?" anandifunsa a Dougie.

Ndinati, "Mwachulutsa. Kwathu sititseka msewu wonse."

"Eya, dutsa, usandiphunzitse ntchito."

Ndinadutsa. Ndinayenda masitepe angapo, ndinavala chisoti, ndipo mwendo unakwera.

Musandimve molakwa, ana inu. Masamba a a Dougie sanadzutse Filimoni, ndipo sanasandutse kukana kwanga kukhala chinthu chabwino. Ndinalakwa, ndipo ndidzafa ndikudziwa kuti ndinalakwa. Koma ulemu umene ndinam'mana tsiku lija ndinaupereka, mochedwa, pa msewu wa eni ake, anzanga awiri ali mboni. A Dougie anachotsa nthambi zawo, mayi uja anadutsa akutiweyulira dzanja, ndipo tinapalasa.

Ku Dunbar tinafika dzuwa litapendeka. Tinatsikira ku mchenga n'kunyowetsa magudumu akutsogolo. A Nkhoma anafuula ngati timu yawo yagoletsa, a Dougie anatulutsa kabotolo kamene sitidzauza abusa, ndipo chithunzi chija chinajambulidwa pamenepo. Mukachiyang'anenso, muona kuti maso anga ndi otupa. Si mphepo.

Kenaka ndinapatuka n'kukhala pa mwala, ndipo ndinaimbira foni mlongo wanga Esitere, agogo anu a ku Ntcheu aja amene amakufunsani ngati mukudya. Timalankhulana mwezi ndi mwezi, za mvula, za feteleza, za miyendo yotupa. Za Filimoni sitinalankhulepo chichokereni ine pamudzi.

"Esitere, ndili pa nyanja."

"Mwayamba usodzi ndi ukalamba umenewo?"

"Ndabwera panjinga. Masiku anayi."

Ndinamva nkhuku zake zikulira. Kenaka anati, "Panjinga, achimwene?"

"Eya. Ndikufuna ndinene za Filimoni. M'mawa uja amayi anandipempha kuti ndimasule katundu, ine ndinakana. Ndikanamasula..."

"Mukundiuza ine? Amene anakugwirirani njinga pomanga matumba aja anali ndani?"

Ana inu, ndinali nditaiwala. Zaka zonsezi m'mutu mwanga pabwalo paja ndinkaimapo ndekha.

Anati, "Ndinali ine. Ndipo amayi atalankhula, ine ndinati, asiyeni apite, Filimoni amakonda kudzidwalitsa nthawi yokumba. Mawu amenewo ndagona nawo mpaka tsitsi kuyera. Inu munathawa nazo kwa azungu, ine ndinatsala nazo pano, ndikudutsa pa manda ake popita kumunda. Mumayesa ndinu nokha?"

Tinalira, nkhalamba ziwiri, wina pa mwala ku Dunbar, wina pakhonde ku Tsangano. Koma Esitere salira nthawi yaitali, amati zimachedwetsa ntchito. Anamina n'kunena kuti, "Tamverani. Manda ake alibe chiliza. Amene akudziwa pamene anagona ndatsala ndekha, ndipo maso anga akutha. Mubwere mvula isanayambe, timumangire. Mubwerenso ndi tizungu tanuto tidzaone kwawo."

Tizungu take ndinu. Amayi anu ndinawauza zonse Lamulungu lapitali. Anandikwiyira kaye chifukwa chowabisira bambo awo aang'ono moyo wawo wonse, ndipo anali ndi ufulu wokwiya. M'mawa mwake anayamba kufufuza za ndege. Tikupita tonse tchuthi chikubwerachi. Mawu a pa mwala ndalemba kale ndekha, ndi dzanja langa lokhotakhotali, ndipo iwe Tadala udzawaone ngati zilembo zakwanira.

Koma simungakaime pa manda a munthu osadziwa kumutchula. Tanenani dzina lake. Ayi, Mayamiko, usameze, si Mskotishi ameneyu. Tsegula pakamwa. Filimoni.

Eya, choncho. Tanenaninso, ndimve.